Kaputeni achotsedwa ntchito, asilikali ake amuwombera m'manja: mayankho a mafunso anu

Makalata atatu amene ndasankha mwezi uno onse akukamba za pamadzi, ndipo andibwezera kwathu. Ine ndinakulira ku Mangochi, kufupi ndi nsanja ya wotchi ija ili pafupi ndi mlatho wa pa Shire. Pamenepo pali mfuti yaikulu imene inachotsedwa m'sitima ya Guendolen, sitima imene mu Ogasiti 1914 inakawombera ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania. Tili ana tinkaisisita mfutiyo pobwera kusukulu, ndipo ndikhulupirira kuti chidwi changa pa nkhani za sitima zankhondo, chimene ndinakalamba nacho m'kalasi pophunzitsa mbiri yakale, chinayambira pamenepo.

FUNSO: Aphunzitsi, mwana wanga wachiwiri ndi msilikali wa pamadzi ku Monkey Bay. Atabwera kutchuthi anationetsa kanema pafoni: asilikali mazanamazana a ku America ali m'sitima, akuwomba m'manja ndi kufuula dzina la kaputeni wawo amene akuluakulu anali atangomuchotsa pa udindo. Bambo a kunyumba kuno, amene nawo anapuma usilikali, anapukusa mutu. Akuti kaputeniyo anadumpha akuluakulu ake, ndipo anyamatawo akanakhala awo akanawakhaulitsa. Mwana wanga sanayankhe kanthu, koma ndinaona kuti zamulowa. Kodi wolondola ndani? (Mayi wa ku Salima)

YANKHO: Mayi, kanema amene munaonayo anajambulidwa pa chilumba cha Guam kumayambiriro kwa Epulo 2020, ndipo kaputeniyo ndi Brett Crozier wa sitima ya USS Theodore Roosevelt. Ndiyambe ndi kukula kwa sitimayi, chifukwa ife tikamva zoti sitima maganizo amathamangira ku Ilala. Iyi ndi yonyamula ndege zankhondo, yotalika mamita oposa 330, ndipo munali anthu pafupifupi 4,800. Ndi tauni yoyandama. Anyamata amagona pa timabedi tosanjikizana titatutitatu, amafola pamzere umodzi kukalandira chakudya, ndipo podutsana m'tinjira ta m'katimo amagundana mapewa.

Kumayambiriro kwa Malichi sitimayi inakocheza ku Da Nang, ku Vietnam. Pa 24 Malichi asilikali oyamba anapezeka ndi Covid-19, ndipo pamene inkafika ku Guam pa 27 matendawo anali atayamba kale kuyanga. Langizo lija tonse tinkalimva pawailesi, lakuti tizikhala motalikirana, m'sitima yotero linali losatheka. Pa 30 Malichi Crozier analemba kalata ya masamba 4 yopempha kuti ambiri atsitsidwe akakhale pa mbindikiro kumtunda, aliyense m'chipinda chake, m'sitima mutsale ochepa oyang'anira injini ndi zida. M'kalatamo munali mawu amene anadzamveka dziko lonse: "Sitili pankhondo. Palibe chifukwa choti asilikali afe." Tsiku lotsatira kalatayo inatuluka m'nyuzipepala ya San Francisco Chronicle, ndipo pa 2 Epulo Thomas Modly, amene ankagwirizira udindo wa nduna yoona za asilikali apamadzi, anamuchotsa. Mlandu wake unali wakuti anatumiza nkhani yachinsinsi kwa anthu angapo pa njira yosatetezedwa, m'malo mokhala kaye pansi ndi bwana wake amene chipinda chake chinali m'sitima momwemo.

Bambo a kunyumbako ali ndi mfundo, ndipo musawapepuse. Usilikali uli ndi makwerero ake, ndipo makwererowo sanaikidwe pofuna kukometsa mabwana. Dziko lonse likadziwa kuti sitima yaikulu ngati imeneyo yafooka, adani nawo adziwa. Ndionjezere zimene kanemayo sanena: kafukufuku atatha, mu Juni chaka chomwecho mkulu wa asilikali apamadzi, Admiral Michael Gilday, anakana kumubwezera Crozier pa udindo, ngakhale kuti poyamba iye yemweyo anali atavomereza zomubwezera. Anati kaputeniyo anachedwa kutsitsa anthu pamene malo anali atapezeka, komanso anatulutsa ena pa mbindikiro nthawi isanakwane. Crozier sanali mngelo.

Koma pa za anyamata aja, ndikusiyana nawo bambo. Palibe lamulo ngakhale limodzi limene anyamatawo anakana. Sanatseke khomo kuti kaputeni wawo asatsike, sanakane kaputeni amene anabwera m'malo mwake, ndipo chakumapeto kwa Meyi sitima inabwerera panyanja ndi anthu omwewo. Chimene anachita n'kuperekeza munthu. Anaona mkulu amene anali atakwera makwerero kwa zaka pafupifupi 30, amene anali atangokhala miyezi 5 pa mpando umene anzake ambiri amaulota osaufika, akulemba kalata imene ankadziwa kuti ikhoza kumugwetsa, ndipo anailemba chifukwa cha iwo. Asilikali oposa 1,000 a m'sitimayo anadzapezeka ndi matendawo, kuphatikizapo Crozier mwini, ndipo mmodzi, Charles Thacker, wa zaka 41, anamwalira. Modly anakwera ndege mpaka ku Guam kukawadzudzula kudzera pa zokuzira mawu za m'sitima, n'kunena kuti kaputeni wawo anali wachibwana kapena wopusa. Pa 7 Epulo iye yemweyo anatula pansi udindo. Iye anali ndi mphamvu zochotsa kaputeni pa mpando, koma anaiwala kuti akulankhula ndi anthu amene anali atagona usiku wonse akumva mnzawo akukhosomola pa bedi la pamwamba pawo.

Kupanduka kwenikweni kumaoneka mwina. Mu 1905 asilikali a m'sitima ya ku Russia ya Potemkin anakana kudya nyama ya mphutsi imene dokotala wa m'sitimamo anati ndi yabwinobwino, ndipo tsikulo linatha kaputeni ndi maofesala ena ataphedwa. Kumapeto kwa Okutobala 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kutha, akuluakulu a asilikali apamadzi a ku Germany anakonza zoti sitima zawo zonse zikamenyane komaliza ndi za Britain, nkhondo imene sikanasintha kanthu koma kungosunga ulemu wa maofesala. Anyamata anakana kunyamuka, ena anazimitsa moto wa m'mainjini. Chipolowe chinafika ku Kiel, chinafalikira m'mizinda, ndipo pa 9 Novembala ufumu wa Kaiser unagwa. Anyamata amenewo anali atakhala zaka akudya chakudya chonyozeka uku akuona maofesala akudya zonona kuseri kwa chitseko. Atauzidwa kuti akafe, anali atadziwa kale kuti m'maso mwa mabwana awo iwo ndi yani.

Ndikuuzeni za malume anga, Mayi, chifukwa zimenezi si za azungu okha. Iwo anali siginala, munthu uja amatsogola pa bwato ndi nyali usiku kuitana usipa, anzake n'kumazinga ndi chilimira. Chaka china m'nyengo ya mwera mwini maboti anali ndi ngongole, ndipo anawaumiriza kuti alowe m'madzi madzulo amene malume anaona kuti mphepo ikubwera. Malume anakana pamaso pa anthu, ndipo anachotsedwa pomwepo. Mphepo usiku umenewo inabweradi, koma sinali yoopsa monga iwo ankaganizira. Ena amene analowa anabwera ndi nsomba. Mwini maboti anali ndi chonena. Komabe pasanathe mwezi anyamata anayi anali atamusiya n'kutsatira malume kwa mwini maboti wina. Ndinafunsa mmodzi wa iwo, ndili mnyamata, chifukwa chimene anasiyira ntchito yotsimikizika. Anandiyankha kuti, "Akuluwa akati tilowe, ine ndimalowa osayang'ana kumwamba." Mawu amenewo ndinadzawamvetsa nditakula. Munthu amene unamuona akukana kukutaya chifukwa cha ndalama, tsiku limene adzakuuze kuti lowa pangozi umadziwa kuti palibenso njira ina.

Kuchete kwa mwana wanu kuja musakuope. Msilikali wamng'ono aliyense amayeza mkulu wake mwakachetechete tsiku ndi tsiku, ndipo sangakambe zimenezo pamaso pa bambo ake amene nawo anavalapo yunifolomu. Akadzabweranso, muwasiye awiriwo pakhonde. Ndikukhulupirira kuti bambowo nawo ali ndi dzina la ofesala mmodzi amene akanamutsatira kulikonse, ndipo akadzafotokoza chifukwa chake, mudzamva kuti sichikusiyana kwenikweni ndi cha anyamata a m'kanema aja.

FUNSO: Bambo, ndangopatsidwa udindo woyang'anira boti ndi anyamata 7, ndipo atatu mwa iwo ndi aakulu kuposa ine. Anzanga akuti ndikafatsa andikwera pamutu, ndiye ndiyambe ndi ukali. Kodi pamadzi n'kwabwino kuopedwa kapena kukondedwa? (Msilikali wachinyamata)

YANKHO: Mwana wanga, ndikupatsa nkhani ya munthu mmodzi amene anali mtsogoleri woipa ndi wabwino m'mwezi umodzi womwewo. Dzina lake William Bligh, wa sitima ya Britain yotchedwa Bounty, imene inatumidwa ku Tahiti kukatenga mbande za mtengo wina wa zipatso zoti zikadyetse akapolo ku zilumba za Caribbean. Anthu ambiri amaganiza kuti Bligh anali wokonda chikoti. Zolembedwa za m'sitimamo zimaonetsa kuti ankakwapula pang'ono poyerekeza ndi makaputeni ena a nthawi yake, ndipo ankasamala kwambiri za ukhondo ndi thanzi la anthu ake. Vuto lake linali lilime. Ankatukwana maofesala ake pamaso pa anyamata, lero kumuyamika munthu, mawa kumunyoza ngati galu. Tsiku lina anawerenga kokonati zake n'kupeza kuti zachepa, ndipo anamunena wachiwiri wake, Fletcher Christian, kuti ndi wakuba, anthu onse akumva. M'mawa mwake, pa 28 Epulo 1789, Christian ndi anzake anamudzutsa ndi zida, n'kumutsitsira m'kaboti ka mamita 7 pamodzi ndi anthu 18.

Tsono tamva zimene zinachitika m'kabotimo. Bligh anawatsogolera anthuwo mtunda woposa makilomita 6,000 panyanja yamchere, mpaka anafika ku Kupang pa chilumba cha Timor pa 14 Juni. Panjira anataya munthu mmodzi yekha, amene anaphedwa ndi eni chilumba cha Tofua. Anapanga sikelo ya zikamba za kokonati, n'kumayeza buledi wa munthu aliyense ndi chipolopolo, muyezo womwewo kwa iye mwini. Akagwira mbalame ankaidula magawo, munthu mmodzi n'kutembenuka kuyang'ana kumbali, wina n'kuloza gawo ndi kufunsa kuti ili likhale la yani. Wotembenukayo ankatchula dzina asakuona nyamayo. Motero kaputeni naye ankatha kugweredwa ndi mapazi a mbalame. Anthu anjala, onyowa, ena omuda, anamumvera kwa masabata oposa 6, chifukwa ankaona zinthu ziwiri ndi maso awo: akudziwa kumene akupita, ndipo sakudya mobisa.

Lilime lija silinamusiye. Mu 1808, ali bwanamkubwa ku Sydney, asilikali anamumanganso n'kumuchotsa.

Ndiye anzakowo akukunamiza pang'ono. Ukali wopanda chifukwa anyamata amaununkhiza msanga, ndipo amadziwa kuti pansi pake pali mantha. Usafune kukondedwa, usafunenso kuopedwa. Funa kuti anyamata ako azidziwa lero chimene udzachite mawa. Lamulo la jekete yoyandamitsa likhale limodzi kwa mnzako wapamtima ndi kwa amene simumwerana madzi. Wolakwa umulange ndithu, koma ukamudzudzule pambali, makamaka atatu aakuluwo, chifukwa munthu wamkulu amaiwala chilango koma saiwala manyazi. Ndipo uwafunse za mphepo ndi za injini. Amene wakhala panyanja zaka zambiri amadziwa mmene mwera umayambira madzi asanachite thovu, ndipo kumufunsa sikukuchotsera udindo wako. Chigamulo ndi chako, ndipo chikalakwika usadzaloze chala kwa iye.

FUNSO: Ine ndimaona kuti kaputeni amene sitima yake yamira, anthu n'kufa iye n'kupulumuka, ndiye kuti watha. Ndani angamukhulupirirenso? Si paja amati kaputeni amire ndi sitima yake? (Wowerenga wa ku Nkhata Bay)

YANKHO: Achimwene, mwambo wa pamadzi umafuna kuti kaputeni asathawe anthu ake akadali m'sitima. Sunena kuti adzimize dala. Pali nkhani imene ndinkaiphunzitsa mochedwa dala, chifukwa nthawi zonse inkandigwira pakhosi.

Mu Julayi 1945, pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, sitima ya America ya USS Indianapolis, motsogozedwa ndi Kaputeni Charles McVay, inakatula pa chilumba cha Tinian zipangizo za bomba limene linadzaponyedwa pa Hiroshima. Kuchoka apo inadzera ku Guam, n'kunyamuka kupita ku Leyte, ku Philippines. Sitimayi inalibe makina omvera sitima zoyenda pansi pa madzi, ndipo McVay atafunsa za sitima yomuperekeza anauzidwa kuti sikufunika. Akuluakulu ena anali ndi uthenga wachinsinsi wakuti m'dera limenelo muli sitima za Japan za pansi pa madzi, koma uthengawo sunamufike mokwanira. Pakati pa usiku, kutangolowa pa 30 Julayi, mizinga iwiri ya sitima ya Japan ya pansi pa madzi yotchedwa I-58 inaboola Indianapolis, ndipo inamira m'mphindi 12. Munali anthu 1,195. Pafupifupi 300 anapita nayo pansi, ena onse pafupifupi 900 anatsala akuyandama.

Chopweteka kwambiri chinadza pambuyo. Sitimayo itapanda kufika ku Leyte pa tsiku lake, palibe amene anaimba belu. Anthu anakhala m'madzi masiku anayi, dzuwa likuwawotcha masana, usiku akuzizidwa, mafuta a sitima ali m'maso, shaki, nsomba zikuluzikulu zolusa, zikuwatola mmodzimmodzi. Ena ludzu litawakulira anamwa madzi amchere n'kuzungulira mutu. Pa 2 Ogasiti woyendetsa ndege wina, Wilbur Gwinn, anawaona mwangozi ali pa ulendo wake wolondera. Mnzake Adrian Marks anatera pamafunde ndi ndege yake, ngakhale malamulo ankaletsa kutera panyanja yotero, n'kutola anthu 56, ena kuwamangirira pamapiko. Onse opulumuka anakwana 316, ndipo McVay anali mmodzi wa iwo.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo nkhonya zonse zinagwera iye. Mu Disembala 1945 anaimikidwa pa khoti la asilikali. Pa mlandu wochedwa kulamula anthu kuti atuluke m'sitima anapezeka wosalakwa, koma anamupeza wolakwa chifukwa sankayendetsa sitima mokhotakhota, njira imene ankagwiritsa ntchito posokoneza owombera. Malangizo amene anapatsidwa anali atamusiyira ufulu wosankha yekha pa zimenezo. Boma linachita kuitanitsa ku Japan Mochitsura Hashimoto, kaputeni amene anamiza sitimayo, kuti adzachitire umboni, ndipo iye ananena kuti kukhotakhota sikukanathandiza, akanaiwomberabe. America inataya sitima mazana pa nkhondo imeneyo, koma McVay ndiye anasankhidwa kuti aimbidwe mlandu wotere, ndipo funso lakuti n'chifukwa chiyani anthu anasiyidwa m'madzi masiku anayi linakankhidwira kumbali.

Sindiwaweruza makolo amene anataya ana n'kumamulembera makalata owawa chaka ndi chaka, makamaka pa Khirisimasi. Boma linali litawalozera munthu woti amude, ndipo chisoni chimafuna pogwera. McVay ankawerenga makalatawo. Mu Novembala 1968 anadzipha kunyumba kwake ku Litchfield, m'chigawo cha Connecticut.

Tsono funso lanu ndi lakuti ndani angamukhulupirirenso. Anamukhulupirira ndi anthu omwe aja anali m'madzi. Opulumukawo atakumana koyamba mu 1960 mumzinda wa Indianapolis anamuitana, iye anapita ali ndi nkhawa ya mmene akamulandirire, ndipo anamulandira ngati kaputeni wawo. Amenewa ndi anthu amene anaona anzawo akukokedwa ndi shaki. Akanakhala ndi chifukwa chomudera, palibe akanawaletsa. Koma iwo ankadziwa mmene sitimayo inamirira msanga, ankadziwa kuti mawaya olankhulirana anaduka pa kuphulika koyamba, ndipo ankamudziwa munthuyo kuyambira kale ngozi isanachitike. Khoti linaweruza usiku umodzi, iwo anaweruza miyezi yonse imene anakhala pansi pake. Kwa zaka zambiri analemba makalata, kugogoda pa zitseko za aphungu, kukanidwa, kubwereranso, kaputeni wawo ali kale m'manda ndipo palibe chimene akanapindula.

Chitseko chinatsegulidwa ndi mwana wa sukulu. Hunter Scott wa ku Pensacola, ku Florida, ali ndi zaka pafupifupi 12, anasankha nkhaniyi ngati ntchito ya phunziro la mbiri yakale. Analembera opulumukawo, iwo anamutumizira zikalata zimene anasunga zaka zonsezo, ndipo mnyamatayo anakafika mpaka ku nyumba ya malamulo atatsagana ndi nkhalambazo. Ngati mphunzitsi, mbali imeneyi ndimainyadira ngati kuti mwanayo anali wa m'kalasi mwanga. Mu 1999 Hashimoto, amene paukalamba wake anali wansembe wa chipembedzo cha Shinto, analembera phungu wa ku America, Senator John Warner, kalata yopempha kuti dzina la mdani wake wakaleyo liyeretsedwe. Mu Okutobala 2000 nyumba ya malamulo inavomereza kuti McVay analibe mlandu pa kumira kwa sitimayo, Pulezidenti Bill Clinton anasaina, ndipo mu Julayi 2001 akuluakulu a asilikali apamadzi anaika mawuwo m'faelo yake. Anyamata aja anali atasanduka agogo a zaka za m'ma 70 ndi 80, ambiri mwa anzawo atatsikira kale kuli chete. Hashimoto naye sanaione nkhaniyo ikutha: anamwalira ku Kyoto masiku 5 Clinton asanasaine.